Magazi akakana kukwera kwa wodwala wa dialysis, sakani kutukusira musanawonjezere EPO

Wodwala impso wa ku Zomba amene ali pa makina osefa magazi (dialysis), sabata yake imagawika pawiri. Masiku ena, nthawi zambiri awiri pa sabata, amalawirira kukwera minibasi kudzera ku Thondwe ndi ku Namadzi kukalowa pa makina ku Blantyre. Masiku otsalawo amakhala kwawo ku Chinamwali, ku Domasi kapena ku Jali. Akafooka pakati pa masiku amenewa, woyamba kumuona ndi namwino kapena clinical officer wa kuno, dokotala wa impso ali kutali. Malangizo awa ndi a anthu amenewo, komanso a magadiyani omwe amanyamula buku la kuchipatala la wodwalayo.

Mukatsegula bukulo mumapeza mzere wa manambala ngati uwu: Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, 7.9 mwezi wa June, 8.1 mu July, 7.8 mu August. Pambali pake palembedwa kuti akubayidwa EPO, jakisoni wothandiza thupi kupanga magazi, nthawi zonse. Ganizo loyamba la aliyense ndi lakuti mlingo wachepa, auwonjezere. Kawirikawiri vuto silikhala mlingo. Limakhala kutukusira kwa m'thupi komwe sikukuoneka, ndipo kukapanda kupezeka, mungaonjezere EPO mpaka mankhwala kutha m'firiji, magazi osasuntha.

Chimene chimatseka njira

Impso zabwino zimapanga erythropoietin, yemwe amauza mongo wa m'mafupa kuti upange maselo ofiira a magazi. Impso zikafa, uthengawo umachepa, ndipo jakisoni wa EPO amalowa m'malo mwake. Koma uthenga pawokha sumanga kanthu. Mongo umafuna ayironi, ndipo apa ndi pomwe kutukusira kumaononga zinthu.

Thupi likamalimbana ndi tizilombo kapena bala, maselo oteteza amatulutsa mankhwala awo, makamaka interleukin-6. Iyeyu akafika ku chiwindi, chiwindi chimapanga hepcidin wambiri. Ntchito ya hepcidin ndi kutseka khomo lotchedwa ferroportin, lomwe ayironi amatulukira kuchoka m'matumbo ndi m'maselo osungira kupita m'magazi. Khomolo likatsekeka, ayironi wa m'chakudya ndi wa m'mapiritsi salowa, ndipo yemwe ali kale m'thupi amakhala wotsekeredwa, ngati chimanga chodzaza m'nkhokwe koma palibe potapira. Kwa munthu wa impso zabwino izi zimatha matenda akatha. Kwa wa dialysis zimakhalitsa, chifukwa impso ndi zomwe zimachotsa hepcidin m'thupi.

Si zokhazo. Mankhwala ena omwe kutukusira kumatulutsa, monga TNF-alpha ndi interferon-gamma, amachititsa kuti mongo usamve bwino EPO. Maselo ofiira nawo amafa msanga. Mwa munthu wathanzi amakhala masiku pafupifupi 120, mwa wa dialysis amafupikirapo ndithu.

N'chifukwa chiyani tisangokankha ndi mlingo waukulu? Chifukwa EPO wochuluka amakweza BP, amaundanitsa magazi mu fistula (mtsempha wa pamkono wobayira pa makina), ndipo amaonjezera chiopsezo cha sitiroko. Kafukufuku wa CHOIR wa mu 2006 ndi wa TREAT wa mu 2009 anaonetsa kuti kukankhira Hb pafupi ndi 13 kumabweretsa mavuto ambiri kuposa phindu. Malangizo a mu 2012 a KDIGO, bungwe la akatswiri a impso, amati Hb ya wodwala wa dialysis isatsike pansi pa 9, koma isasungidwenso pamwamba pa 11.5 ndi EPO. Cholinga ndi pakati pa 10 ndi 11.5, osati Hb ya munthu wathanzi.

Tsimikizani kaye kuti mankhwala akulowadi

Musanatchule mawu akuti thupi lakana mankhwala, funsani mafunso ooneka achibwana. Mwezi wathawu wabayidwa kangati? Werengani m'buku, musadalire pakamwa. Wodwala amene anaphonya maulendo atatu chifukwa cha thiransipoti, kapena chifukwa mankhwala anasowa, sanakane mankhwala, sanawalandire.

Kenako funsani za kasungidwe. EPO amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Saundanitsidwa, sakhutchumulidwa, saikidwa padzuwa. Amene amagula yekha ku famase ku Blantyre n'kubwera naye kuno ayenera kumunyamula m'kabokosi kozizira, botolo la madzi oundana litakulungidwa m'kansalu kuti lisakhudze jakisoniyo. M'firiji amuike pakati, osati kuchitseko kapena kufupi ndi koundanitsa. Magetsi akazima firiji isatsegulidwetsegulidwe. Jakisoni amene anaundana n'kusungunuka, kapena amene anakhala m'thumba la malaya tsiku lonse mu October, amaoneka bwinobwino koma mphamvu yake siidziwika.

Onaninso nthawi yomwe magazi oyezera Hb anatengedwa. Ayenera kutengedwa asanalowe pa makina, ndipo mwezi uliwonse tsiku lofanana la sabata. Amene amasefa kawiri pa sabata amafika atadzaza madzi patatha masiku atatu kapena anayi, ndipo madziwo amasungunula magazi, Hb n'kuoneka yotsika kuposa mmene ilili.

Izi zikakhala bwino, werengerani mlingo molingana ndi kulemera. Tengani munthu wa makilogalamu 60 amene akubayidwa mayunitsi 4,000 kawiri pa sabata. Pa sabata ndi 8,000, ndipo mukagawa ndi 60 mupeza 133 pa kilogalamu. Ngati mwezi wathunthu wadutsa pa mlingo woyenera kulemera kwake Hb osakwera, KDIGO ya 2012 imamuwerengera kale m'gulu la osamva bwino mankhwala, ndipo imalangiza kuti mlingo usapitirire kawiri pa womwe anayambira. Muyeso wina wakale, womwe ambiri amagwiritsabe ntchito, ndi wa mayunitsi opitirira 300 pa kilogalamu pa sabata pobaya pansi pa khungu, kapena 450 pobaya mumtsempha. Musadikire kufika pamenepo. Kuno mlingo umenewo ndi ochepa angaukwanitse n'komwe.

Kanthu kena kopulumutsa ndalama: epoetin, womwe ndi mtundu wa EPO, wobayidwa pansi pa khungu amafuna mlingo wochepa, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, poyerekeza ndi wodzera mumtsempha.

Ferritin amanamiza

Mayeso ofunika ndi full blood count, reticulocyte (maselo ofiira ongopangidwa kumene), ferritin, TSAT, CRP (muyeso wa kutukusira) ndi albumin. Onse sapezeka nthawi zonse, ndipo ena ndi olipira ku malabu a anthu wamba, choncho ndalama ikachepa sankhani mwanzeru. TSAT ndi CRP pamodzi zimakuuzani zambiri kuposa ferritin payekha.

Chifukwa chake n'chakuti ferritin amakwera pa zifukwa ziwiri: ayironi akachuluka m'nkhokwe, komanso thupi likatukusira. Nambala yaikulu ya ferritin siitanthauza kuti mongo uli ndi ayironi. TSAT ndiyo imaonetsa ayironi amene akuyenda m'magazi. Labu ikakupatsani serum iron ndi TIBC mutha kuiwerengera nokha: gawani woyamba ndi wachiwiri, chulukitsani ndi 100. Serum iron 7 ndi TIBC 45, zonse mu muyeso umodzi, zikupatsani 16 peresenti.

Ferritin ikakhala pansi pa 200 ndipo TSAT pansi pa 20, ayironi wathadi. Mupatseni, komanso funsani komwe magazi akutayikira. Ferritin ikakhala 650, TSAT 14, CRP 38, albumin 29, ameneyo ndi wotsekeredwa uja, ndipo ntchito yanu ndi kusaka chimene chikutukusira. CRP yopitirira 10 mwa munthu wa dialysis isanyalanyazidwe ngakhale iye akunena kuti ali bwino. Kumene CRP kulibe, albumin yomwe ikutsika mwezi ndi mwezi, kusafuna kudya ndi kuonda kwa minofu ya m'mapewa ndi m'ntchafu zimaloza komweko.

Mayeso a ayironi atengedwe patatha sabata kuchokera pa ayironi womaliza wa mumtsempha. Mukafulumira, manambala amakwera mwabodza.

Kusaka komwe kukutukusira

Yambani ndi catheter. Mwa zonse zomwe zimatukusitsa wodwala wa dialysis, paipi ya pakhosi kapena pachifuwa ndiyo imatsogola. Sambani m'manja, valani magolovesi ndi masiki, wodwala atembenuzire nkhope kumbali, kenako matulani pulasitala. Yang'anani pomwe paipi yatulukira pakhungu: pafiira? Pali nkhanambo yonyowa, kapena mafinya pa gozi? Dinikizani pang'ono ndi chala motsatira njira ya paipi pansi pa khungu kulowera ku fupa la pakhosi. Akatsinzina ndi ululu, kapena kadontho ka mafinya kakatuluka pabowo, njira yonseyo yagwidwa. Koma khungu loyera silitsimikiza kanthu, chifukwa tizilombo timamanga utoto wawo m'kati mwa paipi momwe diso silifika. Ndiye funsani funso ili: mukalowa pa makina, mumamva kuzizira kapena kunjenjemera mu ola loyamba? Akavomera, ganizirani catheter mpaka mutapeza umboni wotsutsa. Musadikire kutentha thupi. Odwala impso ambiri satentha ngakhale tizilombo tili m'magazi.

Mukakayikira, tengani blood culture musanapereke maantibayotiki, ndipo imbirani a ku dialysis tsiku lomwelo. Mankhwala ake ayenera kugwira staphylococcus pamodzi ndi tizilombo ta gram-negative, ndipo mlingo ndi nthawi yake zimatsatira masiku a makina. Paipi yosakhalitsa ikagwidwa imachotsedwa. Yokhalitsa nayo imachotsedwa ngati wodwala wafooka kwambiri, ngati njira ya pansi pa khungu ili ndi mafinya, ngati culture yaonetsa Staphylococcus aureus, Pseudomonas kapena fangasi, kapena ngati sakusintha patatha masiku awiri kapena atatu. Mu wodi, paipi imeneyi si yoikira diripi kapena kutengera magazi, ngakhale mitsempha itavuta bwanji. M'kati mwake muli heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo kuitsegula kulikonse kumalowetsa tizilombo. Kunyumba isanyowe posamba. Yankho lenileni ndi kuchoka pa paipi kupita pa fistula, ndipo Hb ya ambiri imakwera payokha paipi ikachoka.

Tikati fistula pano tikunena mtsempha wa pamkono womwe madokotala amalumikiza kuti uzibayidwa pa makina, osati vuto lija la amayi pobereka. Mufotokozereni gadiyani zimenezi, chifukwa ena amakana opaleshoniyo atangomva dzina. Fistula nayo iyang'aneni: pobayira pafiira, potentha, pali chotupa chonyezimira? Mkono umenewo sayezerapo BP, saikapo kanula. Ngati wodwala ali ndi graft yakale, kapaipi koikidwa pansi pa khungu kolumikiza mitsempha, yomwe inatsekeka n'kusiyidwa, ikhudzeninso, chifukwa imatha kusunga tizilombo mwakachetechete.

Mukachoka pamenepo muvuleni nsapato. Wodwala shuga samva mapazi ake, ndipo amatha kuyenda ndi bala pakati pa zala kapena kuchidendene kwa miyezi osadziwa. Tsegulani zala chimodzichimodzi. Bala lakuya lomwe chitsulo choyezera chikufika pa fupa nthawi zambiri limatanthauza kuti fupa lagwidwa, ndipo CRP siidzatsika mpaka litathandizidwa.

Kenako m'kamwa, ndi tochi. Nkhama zotupa, zotuluka magazi, mano ogwedera ndi zitsa za mano obooka zimatukusitsa thupi tsiku ndi tsiku, koma ndi ochepa amene amaziyang'ana. Mtumizeni kwa dokotala wa mano. Kuzula kuchitike tsiku lotsatira dialysis, heparin atatha m'thupi.

TB ifunika kuima nayo pang'ono. Anthu a dialysis amaidwala kwambiri kuposa anthu ena, ndipo nthawi zambiri siikhala m'mapapo. Imabisala m'mwanabele, m'mimba, m'thumba la mtima kapena kunja kwa mapapo. Zizindikiro zake, kuonda, kusafuna kudya, kufooka, madzi m'chifuwa, n'zomwezo zomwe aliyense amaziika pa impso. Papasani m'khosi ndi m'khwapa, jambulani chifuwa, tumizani makhololo ku GeneXpert. Madzi a m'chifuwa kapena a m'mimba amene sakuchoka ngakhale makina akuchotsa madzi bwino ayenera kupopedwa n'kuyezedwa. Kwa amene ali ndi HIV mayeso a LAM amathandiza, koma amafuna mkodzo, ndipo ena mwa odwalawa sakodzanso. TB ikapezeka, rifampicin ndi isoniazid mlingo wake susintha, koma pyrazinamide ndi ethambutol zimaperekedwa katatu pa sabata, ndipo pa tsiku la makina amamwa atatsika. Gwirizanani ndi a ku dialysis za masikuwo, ndipo musaiwale pyridoxine.

Malungo yezani nthawi iliyonse Hb ikagwa mwadzidzidzi, makamaka kuyambira December mpaka April. Amaswa maselo ofiira komanso amakweza hepcidin. Wochokera ku Kachulu kapena midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kapena wolima mpunga m'madambo, mufunseni za likodzo ndi njoka za m'mimba. Praziquantel wa mamiligalamu 40 pa kilogalamu ndi albendazole wa 400 kamodzi n'zotchipa poyerekeza ndi EPO wa sabata imodzi. Kwa wa HIV onani viral load, ndipo onani ngati ali pa zidovudine, yemwe amafooketsa mongo. Bactrim wa tsiku ndi tsiku nayenso amasokoneza folate. Musamusiyitse nokha, kambiranani ndi a ku ART.

Zina zili m'manja mwa a ku makina, koma muli ndi ufulu wofunsa. Madzi a dialysis akakhala ndi endotoxin, poizoni wochokera ku tizilombo, amatukusitsa wodwala ulendo uliwonse. Muyeso wa ISO ndi pansi pa 0.25 EU pa mililita. Chloramine, mankhwala ophera tizilombo m'madzi, ikadutsa sefa ya makala imaswa maselo ofiira. Chizindikiro cha vuto la madzi n'chakuti odwala angapo amatsika Hb kapena kunjenjemera nthawi imodzi. Kusefa kosakwanira nako kumafooketsa mongo: urea iyenera kutsika ndi 65 peresenti kapena kupitirira pa ulendo umodzi, ndipo amene amatsika pa makina nthawi yake isanakwane kuti akapeze minibasi yomaliza ya ku Zomba amalipira ndi magazi ake.

Magazi otayika ndi zina zotsala

Funsani mtundu wa chimbudzi. Chakuda ngati phula, chonunkha kwambiri, ndi magazi a m'mimba, ngakhale mapiritsi a ayironi nawo amadetsa. Funsani za Brufen, diclofenac ndi aspirin wogula pa golosale chifukwa cha kuphwanya kwa thupi. Kwa amayi funsani za msambo, womwe heparin amauchulukitsa. Funsaninso ngati magazi anaundana m'mapaipi a makina mwezi uno, chifukwa akatero magazi onse a m'mapaipimo amatayidwa.

MCV, muyeso wa kukula kwa maselo ofiira, ikakwera ganizirani folate ndi B12. Folate amatuluka pa makina, choncho ambiri amafunika folic acid. PTH, homoni yoyendetsa calcium m'thupi, ikakwera kwambiri imaumitsa mongo. Enalapril ndi losartan amachepetsa pang'ono mphamvu ya EPO, koma chimenecho chokha si chifukwa chowasiyira. Pali vuto lina losowa kwambiri lotchedwa pure red cell aplasia, pomwe thupi limapanga asilikali olimbana ndi EPO yemwe: Hb imagwa ndi 0.5 mpaka 1 pa sabata, reticulocyte pafupifupi kulibe, koma maselo oyera ndi platelets zili bwino. Mukaona zotero imitsani EPO ndipo mtumizeni msanga.

Chochita ndi ayironi, EPO ndi magazi

Mapiritsi a ferrous sulphate kwa munthu wa haemodialysis wotukusira sathandiza kwenikweni, chifukwa khomo la m'matumbo latsekedwa. Akamwedwa ndi tiyi kapena pamodzi ndi calcium carbonate ndiye kwatha. Njira yake ndi ya mumtsempha. Iron sucrose amaperekedwa mamiligalamu 100 pa ulendo, maulendo 10 otsatizana kuti akwane galamu imodzi, pang'onopang'ono, adrenaline ali pafupi, wodwala n'kuyang'aniridwa mphindi 30 akamaliza. KDIGO ya 2012 imalola kupereka ayironi moyesera TSAT ikakhala 30 kapena kutsika ndi ferritin 500 kapena kutsika. Kafukufuku wa PIVOTAL wa ku United Kingdom, wofalitsidwa mu 2019, anapereka mamiligalamu 400 pa mwezi, n'kumaimitsa ferritin ikapitirira 700 kapena TSAT ikafika 40, ndipo odwalawo anafuna EPO wochepa ndi magazi oikidwa ochepa. Koma tizilombo tikakhala m'magazi, ayironi aime kaye mpaka matendawo atagonja. Tizilombo nato timadya ayironi.

EPO musamusiye pa nthawi ya matenda, chifukwa Hb igwa kwambiri, koma musamukwezenso mothamanga. Sinthani ndi gawo limodzi mwa anayi, kamodzi pa mwezi, ndipo Hb isakwere kupitirira 2 pa masabata anayi. Gwero la kutukusira likachotsedwa, samalani mbali inayo: thupi limayambanso kumva mankhwala, ndipo mlingo womwe sunkachita kanthu utha kukweza Hb ndi BP mofulumira. Yezani Hb masabata awiri aliwonse pa nthawi imeneyo. Kunja kuli mapiritsi atsopano monga roxadustat, amene amatsitsa hepcidin, koma nawo sachotsa paipi yovunda.

Kuika magazi n'kwa amene Hb yatsika pansi pa 7, kapena amene akupuma movutikira, akumva kupweteka pachifuwa, kapena akutaya magazi. Ngati zingadikirike, aikidwe ali pa makina, kuti madzi ndi potaziyamu wa m'magaziwo achotsedwe pomwepo. Zikakakamiza kuika kuno, ikani maselo ofiira okhaokha, paketi imodzi, pang'onopang'ono kwa maola atatu kapena anayi, mukumvera m'mapapo. Kumbukirani kuti Lasix sachita kanthu kwa amene sakodza. Kwa woyembekezera kuikidwa impso, paketi iliyonse itha kupangitsa thupi kukana impso ya mawa.

Kunyumba, achibale akamva kuti magazi achepa amathamangira madzi a masamba a mapeyala, chidede ndi mapoto a bonongwe. Auzeni mwaulemu koma momveka kuti kwa munthu uyu zimenezi zimabweretsa madzi ndi potaziyamu zomwe thupi lake silingatulutse, ndipo potaziyamu wochuluka amaimitsa mtima. Chomwe akusowa kwambiri ndi chakudya chomanga thupi, monga dzira, nkhuku kapena nsomba yaiwisi, pa mlingo womwe a zakadyedwe amuuza.

Pomutumiza ku Blantyre, lembani m'buku lake Hb zitatu zomaliza ndi masiku ake, kulemera kwake, mayunitsi a EPO pa sabata ndi majakisoni omwe anaphonya, tsiku la ayironi womaliza, mmene mwapezera catheter, mapazi ndi m'kamwa, zotsatira za malungo ndi GeneXpert, maantibayotiki omwe mwapereka ndi ola lake, komanso nambala ya foni ya wodi yanu kuti zotsatira za culture zikatuluka zipeze pofikira.